Matiresi Anga Anadyedwa Ali M'pepala

Ndikukumbukira tsiku limene matiresi anga anafika kwathu ku Misuku ali pamutu pa amayi. Ndinali mu Sitandade 6. Lole imene anakwera kuchokera ku boma la Chitipa inakanika chitunda chomaliza, ndiye amayi anatsika n'kusenza katundu wawo mtunda wonse wotsalawo, mphepo ikuwakankhira uku ndi uku. Anafika pakhomo ali thukuta kamukamu. Ine ndinathamanga kukawalandira, koma anandibweza ndi diso lokha.

"Manja akudawo uko! Matiresi awa ndi ako, Felesiya, koma si a lero. Udzagonapo ukadzasankhidwa kupita ku sekondale."

Anali a siponji, nsalu yake yabuluu ya maluwa oyera, okhuthala bwino, ali m'pepala lawo la pulasitiki la kusitolo. Ndinangowaonera kunja kwa pepalalo, ngati mmene mwana amaonera masiwiti a m'botolo pa golosale. Amayi anawalowetsa m'chipinda changa n'kuwatsamiritsa kukhoma.

Ife kwathu ndi ku Chikwawa. Abambo anali alangizi a zaumoyo, ndipo ntchito yawoyo ndi imene inatikweza mapiri amenewo. Amayi sanakuzolowere konse. Anabadwira kumene umachapa chovala n'kuchivala pomwepo, n'kuumira m'thupi usanafike kumsika, ndiye tsiku ndi tsiku ankadandaula kuti dzuwa la ku Misuku ndi laulesi. Komabe ankalimbikira. Ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa za nthochi n'kukagulitsa pamsika, ndipo matiresi aja anatuluka m'chiwaya chimenecho. Iwo sukulu anailekezera panjira, choncho anatsimikiza mtima kuti mwana wawo wamkazi akadzapita kusukulu yogonera komweko, asadzasekedwe ndi ana a anthu opeza bwino.

Zonsezo ndimazimvetsa. Koma abale, ine ndinkagona pansi! Pamphasa, kunsi kwake thumba la feteleza, bulangete limodzi, m'nyengo yozizira ya ku Misuku imene simenti imaluma mpaka m'nthiti. Ndipo pambali panga penipeni, poti ndikatambasula mkono ndikhudza, panaima matiresi atsopano amene aliyense pakhomopo ankawatchula kuti a Felesiya. Kodi chimenecho si chipongwe? Pepala lijanso linali kazitape. Ukangolitsamira pang'ono linkalira kuti tswaa, ndipo amayi, amene sankakumva ukamawaitana uli pafupi, ankamva tswaa ameneyo ali kukhitchini mafuta akuthetheka.

"Ndani akukhudza matiresi?"

"Ndi mphepo, amayi."

"Mphepo imeneyo ndiipeza ndi mthiko."

Abambo ndiye ankandinyong'onya kwambiri. Tsiku lonse ankakwera ndi kutsika mapiri kulangiza anthu kuti azitsegula mawindo, aziyanika zofunda padzuwa, azisesa kunsi kwa bedi. Akafika pakhomo pawo, ulangizi wonse ankauvula pakhonde limodzi ndi majombo. Ndinawadandaulira kangapo, iwo n'kungokanda m'mutu. "Za matiresi amenewo funsa amayi ako. Ine boma silinandipatse mphamvu m'chipinda chimenecho."

Pafupi nafe pankakhala a Namsukwa, mayi wa komweko, mlimi wa khofi, amene ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi ife. Chichewa anachiphunzira atakula kale, ndipo ankachiyankhula mosamala ngati anyamula mazira, apa ndi apo akuthiramo Chitumbuka ndi mawu a amalonda a kumalire. Matiresi iwo ankawatcha godolo. Tsiku lina anabwera kudzabwereka sefa, anasuzumira m'chipinda changa, n'kuima chilili.

"Anyina Felesiya, godolo ili mwaliimika pakhoma chomwechi? Samalani nkhungu. Kuno nkhungu imadya godolo chomene."

Amayi anatembenukira pawindo. Nthawi yomweyo nkhungu inali ikukwera kuchokera m'chigwa monga inkachitira masiku ambiri, yoyera mbee, ikumeza nthochi ndi mitengo ya khofi. Anaiyang'ana ngati mdani amene amudziwa tsopano, n'kugwedeza mutu.

"Yewo, anzanga. Mwachita bwino kundiuza. Muno ndiye siilowa."

A Namsukwa anatenga sefa n'kumapita, atakhutira kuti achenjeza. Amayi anatsala atakhutira kuti amva. Ine ndinali pomwepo ndikusenda nthochi, ndipo sindinaonepo cholakwika chilichonse.

Madzulo omwewo nkhondo yolimbana ndi nkhungu inayamba. Amayi anasolola mapepala a m'kati mwa matumba a feteleza, anawatsuka, anawakung'untha kawiri n'kugamula kuti auma. Anakuta nawo matiresi aja pamwamba pa pepala la kusitolo, limene linali litang'ambika kale pang'ono pa lole paja, n'kusoka m'mbali monse ndi singano ya matumba. Windo la chipinda changa analitseka, m'ming'alu n'kutsekamo makatoni. Kuyambira tsiku limenelo m'chipindamo simunalowenso mpweya. Khoma lake linali la kumbali ya phiri, limene nthawi ya mvula linkachita thukuta, ndipo matiresi anga anatsamira pamenepo mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8.

Zotsatira zitatuluka, dzina langa linalipo. Amayi anaimba nthungululu mpaka agalu a kutsidya anayankha. Sukulu yake inali ya atsikana, yogonera komweko, kutali ndithu, ndipo inanena kuti aliyense abwere ndi matiresi ake chifukwa mabedi a kumeneko anali a waya okhaokha. Masiku amenewo sukulu zinkatsegulira pakati pa dzinja. Msewu wotsika phiri unali phala. Mwini lole yekhayo amene ankalimba mtima anati atsika Lolemba, ndipo akatsika sakudziwa kuti adzakweranso liti. Tinkamvanso kuti ukachedwa kufika, malo ako amapatsa wina. Choncho Lolemba limenelo ndinayenera kukwera lole, ndipo ndinayenera kukwera ndi chogonera.

Lachinayi, kutatsala masiku anayi kuti lole itsike, amayi anavala chitenje chabwino ngati pali ukwati. Anaimitsa abambo kuti asapite msanga kuntchito, anaitananso a Namsukwa kuti adzaone. Tinatulutsa matiresi aja pakhonde. Amayi anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi, akuimba chapansipansi.

Amati tsoka silinunkha. Lathu linanunkha. Pepala litangotseguka, kunatuluka fungo la nsanza zoiwalika m'ndowa, ndipo abambo anayetsemula. Mbali imene inayang'ana kukhoma inali yakuda bii, mawangamawanga obiriwira, yaubweya. Maluwa oyera aja sankaonekanso. Nditaikapo dzanja, panali pozizira ndi ponyowa.

Tonse tinangoti kukamwa yasa. Woyamba kuyankhula anali a Namsukwa.

"Mama wane! Si ndinanena ine? Nkhungu!"

"Nkhungu iti?" amayi anatero, lezala ikadali m'manja. "Nkhungu ndinaitsekera kunja! Windo ndinatseka, mapepala ndinakuta kawiri. Yalowera pati?"

"Yayi, mama, osati ya kumwamba ija. Iyi! Yomera iyi!"

"Ichi ndi chuku! Kwathu timati chuku. Bwanji simunanene kuti chuku?"

A Namsukwa anagwira pakamwa. "Liwu limenelo ndimalidziwa, nafenso timatero. Ndimayesa ndi lathu la kuno, inu simungalimve. Sono ndinasankha la Chichewa chanu, limene ndinamva pa wailesi."

Tangoganizani. Azimayi awiri akuluakulu, onse akudziwa liwu limodzimodzi, wina kulibisa chifukwa cha ulemu, wina osafunsa chifukwa chodziona kuti wamva kale. Nkhungu ya m'mapiri ndi nkhungu yomera pa zinthu zonyowa, dzina limodzi, ndipo pakati pa ziwirizo panagwera matiresi anga. Paja safunsa adadya phula, koma phula limeneli wodya ndinali ine.

Amayi anali munthu woti akachita manyazi amasandutsa manyaziwo mkwiyo. Anauza a Namsukwa kuti munthu akamachenjeza mnzake azimveka, ndipo a Namsukwa anamanganso chitenje chawo n'kunyamuka osatsanzika. Kenako amayi anapinda manja a bulauzi.

"Tichapa."

"Mayi a Felesiya," abambo anayamba chamunsimunsi, "mwina tikanangopalapo ndi burashi panja pano, n'kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono..."

"Ulangizi wanuwo wafika lero pakhomo pano?"

Abambo anavala majombo awo n'kumapita kukalangiza anthu ena.

Madzi tinkatunga ku kamtsinje ka m'munsi mwa chitunda, njira yake yoterera ngati therere. Tsiku limenelo ndinatsika ndi kukwera maulendo osawerengeka. Amayi anagoneka matiresi pa udzu, anawazapo sopo wa ufa, n'kumakwecha ndi burashi ngati akukwecha mdani. Ndowa ikafika, khuthu! Siponji n'kumeza yonse, osabweza ngakhale dontho. Ina ikafika, khuthu! N'kumezanso.

"Amayi, madziwa akungolowa m'kati. Auma liti?"

"Ku Chikwawa ndimachapa bulangete m'mawa, masana n'kupinda."

"Kuno si ku Chikwawa."

"Wati chiyani?"

"Palibe."

"Katunge madzi."

Kunena zoona, zakuda zija zinachoka ndithu, ngakhale maluwa oyera anasanduka otuwa. Koma titati tiwanyamule, matiresi amene amayi anawasenza okha pamutu tsiku lija anatikanika anthu awiri. Tinawakwakwaza mpaka pa mpanda n'kuwapachika. Mpanda unagwa. Tinawaimika kukhoma, madzi onse n'kutsikira kunsi, mbali ya pansiyo n'kutupa. Tili pa ntchito imeneyo, nkhungu inayamba kukwera kuchokera m'chigwa, yeniyeni ija tsopano, ndipo inawapeza ali pambalambanda. Asa! Ndinakhala pakhonde n'kumangoiyang'ana ikuwanyambita.

M'mawa mwake a Namsukwa anabwera ngati dzulo lake sikunachitike kanthu. Anati mwaghona, moni wa m'mawa wa kumeneko, ndipo amayi anayankha akuyang'ana kumbali. A Namsukwa anadinikiza matiresi ndi chala, madzi n'kutuluka, iwo n'kupuma mozama.

"Lapakati lamwa chomene. Tiyeni tiliponde kaye, sono tipite nalo pa thandala langa."

Tinavula nsapato n'kukwerapo tonse atatu. Aliyense wodutsa m'njira ankaima kuonerera azimayi awiri osayankhulana ndi mtsikana wolunda nkhope akupondaponda ngati akuponda dothi la njerwa, madzi a thovu akutuluka m'mbali. Ena anatifunsa ngati ndi gule wa ku Chikwawa. Ine sindinaseke.

Kuseri kwa nyumba ya a Namsukwa kunali thandala lalitali la waya limene ankayanikapo khofi m'chilimwe, ndipo popeza linali dzinja, panalibe kanthu. Ubwino wake unali woti mpweya unkadutsa pamwamba ndi pansi pomwe. Tinawagoneka pamenepo, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito ya ulonda. Dzuwa likangosuzumira, tulutsani. Likaomba pang'ono, tembenuzani. Kuthambo kukada, lowetsani m'khitchini mwa a Namsukwa, mmene utsi unkalowa m'siponji n'kusakanikirana ndi fungo la chuku ndi la sopo. Kunja kukayera, tulutsaninso. Dzuwa la ku Misuku m'dzinja ndi losereula, limatuluka ukangomaliza kulowetsa. Anzanga amene tinasankhidwa nawo ankazungulira m'mudzi kutsanzika, akulandira nthochi ndi nyemba, ine ndili khuma pansi pa thandala, khosi litauma ndi kuyang'ana kumwamba. Pofika Loweruka madzulo nsalu ya pamwamba inali itayamba kuuma, koma ukaikapo bondo, bondolo linkanyowa.

Lamulungu kunacha kuli mitambo. Ine ndinapempha kuti nditsale ndilondere, amayi anakana kwamtuwagalu. Anati mwana wopita kutali sangachoke osapemphereredwa. Nanga mvula ikabwera tili kutchalitchi? Anali ndi yankho. Anakatenga mapepala omwe aja, la kusitolo ndi a feteleza, anafunditsa matiresi onse pa thandalapo, n'kupsinja ndi miyala m'mbali monse.

Titangoyamba nyimbo yoyamba, mitambo inang'ambika. Kunatuluka dzuwa limene sindinalionepo dzinja lonselo, lenileni, la ku Chikwawa, loti malata a tchalitchi anayamba kulira. Ndinkaliona pawindo likuwala pa masamba a nthochi, ndikudziwa kuti matiresi anga ali phee pansi pa pulasitiki. Ndinati ndinyamuke, amayi n'kundigwira diresi. Tsiku limenelo ulaliki unatalika, zolengeza zinatalika, kwaya iliyonse inaimba, kenako anatiimitsa kutsogolo ife osankhidwa kuti atipempherere mmodzimmodzi. Mulungu andikhululukire, pemphero langa lonse linali lakuti amen afike msanga. Potuluka, nkhungu inali itafika kale pa chitseko cha tchalitchi.

Ndinathamanga osadikira munthu. Nditachotsa miyala, pepala linali lodzaza ndi timadontho kunsi kwake. Madzi onse amene dzuwa linakoka m'siponji anakanika potulukira n'kugweranso pomwepo. Matiresi anali ofunda, onyowa, ndipo fungo lija linali litabwerera ndi abale ake.

Amayi atandipeza, ndinayankhula mmene ndinali ndisanayankhulirepo kwa munthu wamkulu.

"Amayi, ndagona pansi kuyambira Sitandade 6 ndikuyang'ana matiresi awa. Ndazizidwa, ndatsokomola, mwandikalipira chifukwa cha tswaa. Mumasungira ndani? Mwasungira chuku! Mukanandilola kugonapo, bwenzi ndikuwayanika, bwenzi ndikuwatembenuza, bwenzi lero ali bwinobwino. Mawa ndikagona pa waya ngati khofi!"

Ndinayembekezera mthiko, koma sunabwere. Amayi anaika dzanja pa matiresi aja, anadinikiza, n'kuyang'ana madzi amene anatsalira m'chikhatho mwawo. Kenako anatembenuka n'kumapita kunyumba. Ine ndinatsatira patali, ndikukonzekera zoopsa.

Nditafika ndinamva kukwakwaza m'chipinda chawo. Anatuluka akukoka matiresi awo, a pa bedi lalikulu, amene anagula atangokwatirana ndi abambo ndipo anachoka nawo ku Chikwawa. Anali opyapyala, nsalu yake yosuluka, ali ndi maenje awiri pamene pankagona anthu. Koma analibe ngakhale kadontho ka chuku. Loweruka lililonse amayi ankawatulutsa, kuwakung'untha ndi ndodo, kuwasiya apitidwe mphepo, n'kuwabwezera atawatembenuza, kumutu kukhala kumiyendo. Amenewo sankawaopera kanthu chifukwa anali akale.

Anawagoneka pakhonde, anatenga mpeni wodulira nyama n'kuunola pa sitepe.

"Bambo a Felesiya, gwirani uko."

Abambo anayang'ana mpeni, anayang'ana matiresi. "Zoona?"

"Ndati gwirani."

Munthu amene ankandikalipira chifukwa chokhudza pepala anabaya mpeni pakati pa matiresi a ukwati wake n'kuyamba kucheka kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Siponji yakale imavuta kudula, imathawa mpeni, ndiye mzere wake unatuluka wokhotakhota. Anachekabe mpaka anamaliza. Anasankha theka limodzi n'kulikankhira kwa ine ndi phazi.

A Namsukwa, amene anamva kunola kuja ali kwawo, anabwera ndi singano ya matumba ndi chitenje chawo chimodzi. Amayi anatulutsa china. Anakhala moyang'anana pakhondepo n'kusokerera theka lija m'zitenje ziwiri zosiyana mitundu, akukangana za kutalika kwa msoko mpaka kunayamba kuda.

Musaganize kuti ndinathokoza. Ndinakwiya kuposa poyamba. Zaka zonse zija ndikulonjezedwa matiresi a maluwa, n'kukwera lole Lolemba ndi kachidutswa ka siponji yakale komangidwa ndi chingwe cha mphira? Kusukulu sizinatenge tsiku. Nditangomasula katundu wanga, mtsikana wina wa Fomu 2 anaitana anzake kuti adzaone, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linali Chibenthu. Ena amandiitanabe choncho mpaka pano tikakumana. Anzanga anali ndi matiresi atsopano, ena osachotsa n'komwe pepala, moti holo yonse inkangomveka tswaa tswaa. Anga anali opapatiza, ukatembenuka mosasamala chigongono chinkagunda waya, ndipo pakati pake panali dzenje limene thupi linkagweramo lokha.

Dzenje limenelo ndinakhala ndikulitukwana kwa nthawi ndithu ndisanaliganizire. Loweruka lina ndikuyanika panja, ndinaona kuti ndi lalifupi. Abambo anali munthu wamtali, sakanakwanamo. Ndinaikapo mphuno, ndipo kunsi kwa fungo la sopo kunali utsi ndi mafuta okazingira mandasi. Pa matheka awiri aja, amayi anandipatsa mbali yawo.

Nditabwera ku tchuthi ndinalowa m'chipinda chawo kukatenga tsache. Pa bedi lalikulu lija, theka lotsala linali mbali ya abambo. Mbali inayo, pa matabwa, panali mphasa yanga yakale ndi thumba la feteleza lija kunsi kwake. Ndinatuluka tsache lili m'manja.

"Amayi, mukugona pamphasa? Nanga matiresi atsopano aja?"

"Msana wanga umafuna polimba. Sesa uko, usandifunse za m'chipinda changa."

Atsopano aja ndinakawapeza m'khola. Anauma ndithu pamapeto pake, koma fungo silinachoke, abambo akagonapo ankatsokomola mpaka kucha, ndipo siponji yake inayamba kunyenyeka. Amayi anawadula zidutswa n'kuyalira nkhuku zoikira. Ndiye kuti pakhomo pathu ponse, amene anamva kufewa kwa matiresi a Felesiya anali nkhuku. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimafuna kukuwa.

Panopa ndili ndi nyumba yanga, ndipo ana anga amati pa nkhani ya matiresi ndine wovuta. Ndikagula atsopano, pepala ndimang'ambira kusitolo komweko. Loweruka lililonse windo litsegulidwe, zofunda zichoke, matiresi aimikidwe pomwe pakupita mphepo, osati kukhoma lonyowa, ndipo pobwezera atembenuzidwe. Mwana akatayirapo kanthu, ndimapukuta ndi kansalu kofinya bwino ndi sopo pang'ono, n'kuyanika mpaka pakati paume. Ndowa siyandikira. Ndipo munthu akandichenjeza kanthu, ndimamufunsa kawiri kuti akunena chiti, ngakhale aoneke wotopa nane.

Abambo anatisiya, ndipo amayi anabwerera kwathu ku Chikwawa. Chaka chatha ndinawagulira matiresi okhuthala, abwino kuposa onse amene ndinagonapo, n'kuwatumiza pa basi. Pa foni anathokoza kwambiri, anati akugona ngati mwana. Nditapita kukawaona m'chilimwe, ndinakankha chitseko cha chipinda chawo, kuseri kwake n'kumva tswaa.

Anali ataimikidwa kukhoma, ali m'pepala. Pa bedi panali mphasa.

"Amayi! Mwayambiranso?"

"Usakuwe, anthu amva. Ndikusungira mdzukulu wanga akadzasankhidwa. Kuno kulibe nkhungu."

"Iti?"

Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Ine ndinapita kukhitchini, ndinatenga mpeni, ndinang'amba pepala lija kuchokera kumwamba mpaka pansi iwo akukuwa kuti ndikuwononga chinthu. Ndinachotsa mphasa, ndinayala matiresi pa bedi, n'kuwauza kuti sindikwera basi mpaka nditawaona atagonapo. Anagona monyinyirika, akunditchula mwana wamwano, wosamva, wotengera abambo ake. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo tulo tinawatenga chiganizo chisanathe.

Kale ndinkaona ngati pepala lija linali umbombo. Tsopano ndikudziwa kuti amayi sanakhalepo ndi chinthu chatsopano chimene anachiona kuti n'choyenera iwo, ndiye chilichonse chabwino ankachikuta kuti chidzafike kwa wina chili chathunthu. Zimandikwiyitsabe, chifukwa chokutidwacho chinaola, ndipo chimene chinandifikitsa kusukulu ndi chimene anachigwiritsa ntchito mpaka kuchisiyira dzenje. Ndinaima pakhomo n'kumawayang'ana. Pa matiresi aakulu onsewo anagona m'mphepete, atapinda miyendo, pa malo okwana theka lokha. Ndinavula nsapato n'kukagona mbali inayo.